Kaseti ya Amayi a Mphenzi

Lolemba, nthawi ili 7:20 m'mawa, Inspekitala anakwera masitepe opita ku situdiyo yomwe inali pamwamba pa sitolo ya matayala. Mayi wosesa, yemwe anapeza mtembo, anali atakhala pa sitepe yomaliza, tsache lidakali m'manja.

Mwini situdiyo anali chafufumimba pafupi ndi tebulo la makina. Anali bambo wa imvi, wojambula nyimbo yemwe oyimba onse ankamutchula kuti Chimakutu. Kunkhongo kwake kunali bala limodzi. Pambali pake panagona chitsulo choimikapo maikolofoni.

"Wamwalira dzulo masana, pakati pa 3 ndi 5 koloko," anatero dokotala akuvula magolovesi.

"Chasowa n'chiyani?" Inspekitala anafunsa Sajeni, wapolisi wamkazi yemwe ankagwira naye ntchito.

"Sindikuona, bwana. Foni ili m'thumba, kompyuta ikadali yoyaka, chitseko sichinathyoledwe."

Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha mtsikana wometa mpala. Pansi pake analembapo kuti: MPHENZI. Chimbale choyamba. Chituluka Lachisanu.

"Wa rapu ameneyo," anatero Sajeni. "Mawu amachita kulavula ngati mfuti. Simumudziwa?"

"Nyimbo zanga ine zinathera pa gitala. Kamutengeni."

Mphenzi analowa m'chipinda chofunsiramo mafunso nthawi ili 10:05, maso ali psuu.

"Ogulitsa matayala akuti Loweruka munakangana ndi malemu," anayamba Inspekitala.

"N'zoona. Tinakangana chifukwa cha nyimbo ya nambala 7."

"Ili ndi chiyani?"

"Muli mawu a amayi anga. Anamwalira ndili ndi zaka zisanu. Sindinkakumbuka ngakhale mmene ankandiitanira. Chaka chatha a Chimakutu anandipatsa mahedifoni n'kunena kuti, 'Tamvera aka.' Inali kaseti yakale, amayi akuyimba. Anakajambulitsa mobisa kwa a Chimakutuwo zaka 19 zapitazo, chifukwa ababa ankawaletsa kuyimba. Chimbale chonsechi ndinachimanga pa mawu amenewo."

"Ndiye mkangano unabwera pati?"

"Loweruka m'mawa anapereka kachidutswa ka nyimboyo ku wailesi osandiuza. Ine ndimafuna ababa adzamve koyamba Lachisanu, nditawagwira dzanja."

"Dzulo masana munali kuti?"

"Timajambula vidiyo pabwalo la mpira. Anthu analipo oposa makumi atatu." Anapukuta mphuno. "Bwana, munthu amene anandibwezera amayi, ndingamuphe ine?"

Sajeni anafufuza ndipo anapeza kuti mtsikanayo sananame. Masana anathera pa mnyamata wina wa rapu, wotchedwa Nkhwangwa, yemwe m'nyimbo yake analonjeza kudzadula makutu a Chimakutu. Anamupeza kuchipatala, mwendo uli mu pulasitala kuyambira Lachinayi.

"Zija n'zongoyimba, bwana," anatero Nkhwangwa. "Ine ngakhale nkhuku sindipha, amandiphera ndi alongo anga."

Lachiwiri 8:30 m'mawa anabwerera ku situdiyo. Inspekitala anapeza kabokosi ka kaseti pansi pa tebulo, kopanda kanthu mkati. M'makina oyikamo kaseti munalinso mbee.

"Kaseti yapita," anatero. "Kompyuta ikuti chiyani?"

"Chomaliza kutsegulidwa si nyimbo ya nambala 7, koma mawu a mayiwo okhaokha, opanda ng'oma. Anawabwereza ka 14, kuyambira 3:10 mpaka 4:02."

Inspekitala anavala mahedifoni. Mawu a mzimayi anatuluka, ofewa, onjenjemera pang'ono. Nyimbo itatha mzimayiyo anaseka, kuseka kwa munthu amene waba mphindi zochepa za ufulu. Inspekitala anagogoda hedifoni yakumanja.

"Mbali iyi yafa."

Sajeni anawerama pa makinawo. "Siinafe, bwana. Wina anapotoza kabatani aka kuti mawu onse azipita kumanzere. Ndipo taonani apa." Pa lamba wa mahedifoniwo panali chidindo cha chala, chakuda ndi girizi. "Kafunseni Mphenzi ntchito imene bambo ake amagwira," anatero Inspekitala.

Nthawi ili 11:40 anafika pa galaja pomwe bambo a Mphenzi ankawongola magalimoto ophwanyika. Anali bambo wamtali, wowonda, atavala ovolosi yothimbirira. Pa shelefu wailesi inkalira.

"Tabwera pa nkhani ya a Chimakutu," anatero Inspekitala.

Bamboyo anatembenuza mutu. "Lankhulirani mbali iyi, bwana. Khutu lakumanjali linaphedwa kalekale ndi nyundo."

Inspekitala ndi Sajeni anayang'anana.

"Lamlungu masana munali kuti, bambo?"

"Kunyumba."

"Ndani anakuonani?"

"Ndimakhala ndekha."

"M'thumba la pachifuwalo muli chiyani? Dzanja lanu silikuchokapo chifikireni ife."

Bamboyo anapisa dzanja m'thumbamo. Kenaka anatulutsa kaseti yokulungidwa m'kampango koyera.

Kupolisi sanadikire kufunsidwa kawiri.

"Loweruka ndinali pansi pa galimoto pamene wailesi inayika kachidutswa kaja," anatero. "Sipanala inandigwa m'manja. Zaka 19, bwana. Nkhope ndili nayo pa chithunzi, koma mawu anali atandithawa. Ndikagona ndinkayesa kuwakumbuka, osatheka. Lamlungu ndinapita ku situdiyo. Chimakutu anandilandira bwino. Ndi iyeyo anasunthira mawu kukhutu langa lamoyoli. Ndinkangoti bwerezani, iye n'kumabwereza."

"Ndiye chinalakwika n'chiyani?"

"Kuseka kuja. M'nyumba mwanga sanasekepo choncho. Ndinkati mkazi wapabanja sayimba pamaso pa amuna, iye n'kungoti, 'Chabwino, bambo a mwana.' Ndinkayesa kuti wamvera, osadziwa kuti ndazimitsa munthu. Ndinapempha kasetiyo. Ndinati ndi ya mkazi wanga. Iye anakana, anati ndi ya mwana. Ndinaumirira, mpaka ndinagwada. Ndiye anati, 'Munamutseka pakamwa ali moyo, lero mukufuna mawu ake atani?' Atatero anatembenuka kuti azimitse makina."

"Kenaka?"

"Chitsulo chinali pafupi. Ndinamenya kamodzi. Sananame, bwana, ndicho chinandipweteka. Akanandinamizira bwenzi nditangotuluka."

Sajeni analemba zonse. Inspekitala anakankhira kapu ya madzi kwa bamboyo, koma sanaikhudze.

"Kasetiyo munaimvera kunyumba?"

Bamboyo anaseka pang'ono, kuseka kowawa. "Ndiimvere pa chiyani? Dzulo ndinazungulira msika wonse. Anyamata amandiseka, akuti, 'Madala, makaseti anatha ndi agogo.' Ndakhala nayo pachifuwa masiku awiri, ili duu."

Panja, pa benchi ya m'khonde, Mphenzi anali atakhala kuyambira 1 koloko, manja ali kumaso. Atafunsidwa ngati akufuna kulowa, anapukusa mutu, koma sanachoke.

Sajeni anaika kasetiyo m'kathumba ka umboni n'kumata. Maso a bamboyo anatsatira kathumbako mpaka pachitseko.

"Bwana, kukhoti adzaiyika kuti anthu amve?"

"Mukadzavomera mlandu, ayi," anayankha Inspekitala. "Sipakhala chifukwa chomvera umboni."

"Nanga ndikadzakana?"

"Adzaiyika yonse, mpaka kumapeto. Koma chilango chingadzakule, ndipo mawu anuwa talemba kale."

Bamboyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, natambasula manja kuti amumange unyolo.

"Ndiye ndidzakana. Mudzangowapempha kuti andikhazike mbali yoti ndimve."