Chipepeso Chopanda Pepani

Kamphepo anakankha pepala lija ndi chala chimodzi mpaka linakagunda kapu ya tiyi ya a loya.

"Amayi, musasaine," anatero.

Aka kanali kachitatu kubwera ku ofesiyi, ndipo ulendo uliwonse ankawerenga masitepe: makumi awiri ndi anayi, ndodo patsogolo, mwendo wabwino, kenako wothyoka womwe madokotala anauika chitsulo. Pansi pa masitepewo panali benchi, ndipo maulendo onse atatu anapezapo bambo wina atafungatira kajumbo. Bamboyo ankaimirira, kutsegula pakamwa, n'kukhalanso pansi. Lero Kamphepo anamukalipira: "Mukuyang'ana chiyani? Simunaonepo ndodo?"

Dzina loti Kamphepo anamupatsa ndi aphunzitsi a masewera, chaka chimene anasiya anyamata akuluakulu m'mbuyo pa mpikisano wothamanga. Dzinalo linamukakamirabe ngakhale panali patadutsa miyezi khumi chimugundireni galimoto kuseri kwa sukulu. Koma anzake tsopano ankalitchula motsitsa mawu, ngati dzina la malemu.

Mayi ake, omwe ankasoka zovala pakhonde la sitolo, anaika cholembera pansi. Oyenera kusaina anali iwo, poti mwanayo anali asanakwane zaka, koma anali atalonjeza kuti: "Mwendo ndi wako. Dzanja langa silingavomere zomwe mwendo wako wakana."

A loya anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. Anali bambo wamfupi, wadazi, ndipo mafaelo kumbuyo kwawo anaunjikana mpaka kutseka theka la windo.

"Chavutanso n'chiyani lero, mwana wanga? Ndalama awonjezera. Zikwanira opaleshoni yachiwiri ija, ndi mafizo omwe. Adokotala anati fupa silidikira munthu."

"Mzere wachisanu ndi chiwiri. Tauwerengeninso."

A loya sanachite kuyang'ana papepala. "Ukunena kuti kupereka ndalamazi sikutanthauza kuti woyendetsa galimoto wavomera kulakwa. Ndi mawu a masiku onse amenewo. Pepala lililonse la chipepeso limakhala nawo."

"Mwati pepala la chiyani?"

"La chipepeso."

"Nanga pepaniyo ali pati? Ndafufuza kutsogolo, ndafufuza kumbuyo, sindinamuone. Chipepeso n'kupepesa. Munthu akakuponda chala m'basi amati pepani. Ine andiphwanya mwendo, akuti landira izi, koma sitinalakwe. Ndiye ndinadzigunda ndekha?"

"Iwe, kamwako," anatero mayi ake.

"Musiyeni, mayi. Ameneyu akadzakula adzatilanda ntchito."

Kamphepo sanaseke. Za tsiku la ngozilo ankakumbuka zochepa: fungo la matayala, thambo loyera mbee, ndi mawu a mwamuna akunjenjemera pamwamba pake, "Usagone, mwanawe, usagone." Kuchipatala, nthawi yoonera odwala ikakwana, maso ake ankakhala pachitseko. Ankadikira mwini mawuwo. Kunabwera azakhali, aphunzitsi, anzake ndi maswiti awo, koma iyeyo ayi.

Nsapato yake yothamangira yakumanzere inasowa tsiku lomwelo. Yakumanja inali pansi pa bedi, ndipo masana ena, mayi ake akapita kukasoka, ankaivala n'kumanga chingwe bwinobwino, n'kungokhala. Wezulo akalira kubwalo la sukulu, minofu ya mwendo wake inkadzidzimuka yokha ngati sinauzidwe zomwe zinachitika. Kuthamangako palibe akanamubwezera, ankadziwa. Chomwe ankafuna n'choti munthu uja aime pamaso pake, amuyang'ane, anene liwu limodzi.

Anatenga ndodo zake. "Tiyeni amayi. Ndalama zawozo adye okha."

Mayi ake anaimirira. Anayang'ana mwendo uja nthawi yaitali, ndipo Kamphepo anayang'ana kumbali.

"Takhala kaye pansi," anatero a loya. Mawu awo anali atasintha. "Apa ndalakwitsa ndine. Miyezi yonseyi ndimayesa ukukokera mtengo. Mu ofesi muno munthu akamati akufuna chilungamo, kawirikawiri amatanthauza kuti onjezerani ziro. Sindinakumvetsere."

Kamphepo anakhala m'mphepete mwa mpando.

"Ndalamazi sizikuchokera m'thumba mwa woyendetsa galimoto uja. Ikupereka ndi kampani ya inshuwalansi. Ndipo maloya a kampaniyo anamuuza kuti mlandu usanatsekedwe asapite kuchipatala, asakuimbireni foni, ndipo koposa zonse asanene kuti pepani. Kwa inu pepani ndi ulemu. Kwa ife a mapepala, pepani ndi umboni."

"Bodza."

"Waimba foni kuno kasanu. Ndimamubweza, chifukwa ntchito yathu siilola kuti ndikambirane naye loya wake palibe. Funso lake ndi limodzi basi: kodi asaina liti?"

"Akufuna athane nazo msanga."

"Inenso ndimaganiza choncho. Koma munthu wofuna kuthana nazo sabwera kudzakhala pa benchi tsiku lililonse lomwe wamva kuti mwina musaina."

Kamphepo anamva nkhope ikutentha. Kajumbo kaja. Pakamwa paja, kutsegula n'kutseka.

"Ndiye kuti amene wamutseka pakamwa ndine?"

"Tatseka ndife. Iwe wangogwirizira chitseko."

"Ndi lamulo lopusa limenelo."

"Sindikutsutsa. Limbikira sukulu, udzalikonze."

Kamphepo anakoka pepala lija n'kuyang'ananso mzere wachisanu ndi chiwiri. Unali momwe unalili, wouma gwa.

"Nanga tikasaina, iye osanena?"

"Pakamwa pa munthu wina sindingakulonjeze," anayankha a loya. "Chomwe ndikudziwa n'choti mukapanda kusaina, sanena."

Kamphepo analuma mlomo. Kenako anatola cholembera n'kuchiika m'dzanja la mayi ake. Iwo analemba dzina lawo pang'onopang'ono, mosamala ngati akusoka nsalu ya eni.

Kutsika masitepe kunkavuta kuposa kukwera. Atafika pa sitepe yomaliza, bambo uja anali ataimirira kale, maso ali m'mwamba. A loya, ali pakhomo la ofesi yawo, anakweza faelo n'kugwedeza mutu, kumudziwitsa kuti asaina.

Bamboyo anagwada pasimenti pomwepo, anthu akudutsa. Anali wa imvi zochepa, kolala ya shati yake itaperepeseka.

"Pepa, mwanawe," anatero. Mawu anali omwe aja, ndi kunjenjemera komwe kuja. "Foni inalira, ine n'kuyang'ana pansi. Iwe sunalakwe chilichonse. Ndinalakwa ndine. Pepani, mayi."

Kwa miyezi khumi Kamphepo anali atakonza mawu oti adzamulase nawo munthu ameneyu, ena oti mayi ake akanawamva akanamutsina khutu. Anawafufuza pakhosi, osawapeza.

Bamboyo anamasula kajumbo kaja. Munali nsapato yakumanzere, yochapidwa bwino.

"Ndinaipeza itakodwa kunsi kwa galimoto. Mkazi wanga amati nditaye, ikundidwalitsa. Ndimati ili ndi mwini wake."

Kamphepo anailandira n'kuitembenuza. Chidendene chinali chodyeka mbali imodzi, momwe iye ankapondera pokhota pabwalo. Anaika chala pamenepo, ndipo kwa kanthawi anamva mphepo ikuwomba m'makutu mwake ngati kale.

"Chingwe ichi si chake," anatero. "Chinali chofiira."

"Chinaduka. Ndinafunafuna chofiira, sindinachipeze."

"Dzukani, bambo. Anthu akuyang'ana," anatero Kamphepo. "Ndamva."

Phazi lakumanzere linali likadali lotupa, nsapatoyo sikanalowa. Kamphepo anamanga mfundo kunsonga za chingwe chija n'kuikoleka pakhosi, momwe ankachitira popita kubwalo. Kenako anaponya ndodo patsogolo, mwendo wabwino, wachitsulo pambuyo.

"Pang'onopang'ono," anatero mayi ake.

"Fulumirani ndinu, amayi. Inzake ikudikira pansi pa bedi."