Pitirizani Wapansi

Nkhani iyi si yopeka. Ndinaimva kwa anthu awiri: mlamu wanga wogulitsa zipangizo zamagetsi, munthu woti ngakhale maloto ake omwe sawakhulupirira, ndi mwana wamkazi wa mwini nkhani, yemwe ndi namwino. Aliyense anandiuza payekha, ndipo mawu awo sanasiyane.

Mwini nkhani tinkangowatchula kuti Amakina, chifukwa ankayenda m'makomo kukonza makina osokera. Luso la manja anali nalo, koma mutu wosunga njira Mulungu anawamana. Zaka makumi atatu ndi ziwiri mkazi wawo ankakhala pampando wa pambali m'kagalimoto kawo, chikwama cha zitsulo pamiyendo, n'kumati, "Kumanja apo, bambo. Ayi, dzanja lodyeralo!" Mayiwo atamwalira, Amakina anasochera kawiri m'mwezi umodzi. Kufunsa njira ankachita nako manyazi, ngakhale ankadziwa kuti safunsa anadya phula.

Namwinoyo sanabise mawu. "Ababa, mukasocheranso kachitatu ndikulandani makiyi. Mudzakhala kwathu, m'chipinda cha ana muli bedi."

Ankanena mwachikondi, koma sankaseka. Kwa Amakina kumeneko kunali kuikidwa m'manda ali moyo: kusiya ntchito, kusiyanso nyumba imene makatani ake onse anasoka mkazi wawo. N'chifukwa chake anakalowa m'sitolo ya mlamu wanga kukafuna kachipangizo kolozera njira, kaja amati jipiesi.

Mlamu anawaikira zipangizo ziwiri patebulo. "Chachikuluchi n'cha m'galimoto basi, madala, koma galasi lake maso anu sangavutike nalo. Kakang'onoka mumatha kukachotsa n'kuika m'thumba. Kamalondolera ngakhale mukuyenda wapansi, kungoti batire yake sichedwa kutha."

"Makasitomala anga ambiri amakhala kumene galimoto siifika," anatero Amakina. "Ndimaisiya kumsewu, n'kulowa tinjira ta pakati pa mipanda. Kumeneko ndiye ndimatayika ngati mbuzi."

Anasankha kakang'onoko. Mlamu anamatula yekha katoni yake, n'kulembamo pamene pali nyumba yawo kuti akangodina chithunzi cha kanyumba, kaziwaperekeza mpaka pakhomo. Akutuluka, Amakina anatembenuka.

"Kodi kamalankhula?"

"Kamalankhula, madala."

"Bola," anatero motsitsa mawu. Mlamu akuti chisoni chinamugwira.

Kwa milungu isanu zonse zinayenda bwino. Mawu ake anali achizimayi, ozizira ngati a wolengeza pasiteshoni, koma Amakina ankawayankha ndithu. Kakati khotani, iwo ankati zikomo mayi. Pa chakudya chamadzulo ankakaimika ku mbali ina ya tebulo, kotsamira mtsuko wa shuga. Ankadziwa kuti n'zopusa. Koma nyumbayo inali zii, ndipo iwo anali osungulumwa kwambiri.

Tsiku lake linali Lachinayi, cha m'ma fili koloko masana, mvula itangokata. Atamaliza ntchito kwa telala wina, anadina chithunzi cha kanyumba. Pamphambano pamene masiku onse kankati kumanja, kanati kumanzere. Anamvera. Kumvera ndi kumene anakuzolowera moyo wawo wonse.

Tala anatha. Nyumba zinachepa. Msewu unakathera pampanda wa malata, kuseri kwa nyumba zakale zosungiramo katundu.

"Imikani galimoto. Pitirizani wapansi."

Anatsika, kachipangizo m'manja, n'kulowa kanjira kamatope. Dzuwa linali litatuluka, koma mbalame sizinkalira. Madzi okha ndi amene ankadontha m'malata, tho, tho. Galu wina anatulukira kutsogolo, n'kuima. Sanayang'ane Amakina. Anayang'ana pambali pawo, n'kupinda mchira, n'kubwerera chammbuyo.

Kenako fungo. Fungo la nsalu yositidwa kumene, yotentha, pamalo opanda nyumba.

Anamva patapata kumbuyo kwawo. Anaima. Nayenso anaima, koma mochedwa ndi phazi limodzi.

"Pali dzenje apo," kanatero kachipangizo. "Samalani bondo lija."

Za bondo sanauzepo munthu, ngakhale mwana wawo namwinoyo. Amene ankalidziwa anali mmodzi, amene ankalithowa ndi madzi otentha. Mawuwo sanalinso ozizira.

Kanjirako kanatulukira pabwalo la udzu ndi zidutswa za njerwa. Pakati pake panali sitepe imodzi ya simenti, yong'aluka pakona. Amakina anaizindikira pomwepo. Amene anaing'alula ndi iwo, tsiku limene ankalowetsa makina awo oyamba m'kachipinda ka lendi, atangokwatirana kumene. Kachipindako kanagwetsedwa kalekale.

"Mwafika."

Kuseri kwa sitepe kunalibe khoma, kunalibe chitseko. Udzu basi. Koma m'udzumo munkamveka makina opalasa ndi phazi, akusoka pang'onopang'ono. Makinawo anaima. Mpando unakhwekhwerezeka.

"Lowani, bambo. Mwatopa."

Tisanamizane, Amakina anafuna kulowa. Anafuna ndi mtima wawo wonse. Misozi inali ikutsika, ndipo phazi anali atalinyamula kale. Koma pamwamba pa sitepeyo panali kuzizira, kuzizira konga kwa m'firiji, ndipo kunawagwira chala chachikulu kudzera m'nsapato.

Anabweza phazi. Anatulutsa foni. Ankadziwa bwino lomwe chimene ankataya poimba.

"Mwana wanga. Ndasochera."

"Ababa, n'kachitatu."

"Ndikudziwa. Dzanditenge. Fulumira."

Apa ndi pamene namwinoyo amatsitsa mawu akamafotokoza. Akuti kuseri kwa mpweya wa bambo ake, pafupi penipeni ndi foni, anamva mawu ena, a malemu mayi ake.

"Asiye, mwanawe. Ali ndi ine."

Iye ndi munthu amene watseka maso a akufa ambiri osanjenjemera. Tsiku limenelo anangokhala pansi m'khonde la chipatala.

Atamutchulira nyumba zosungiramo katundu zija, anawapeza dzuwa lisanalowe, atabwerera pagalimoto, atagwira mpanda ndi manja onse awiri. Makiyi anapereka okha, osapemphedwa. Sabata yomweyo nyumba inatsekedwa, ndipo chikwama cha zitsulo chinakalowa pansi pa bedi la adzukulu.

Namwinoyo anapita nako kachipangizo kwa mlamu wanga. Mlamu anakayatsa, kanalankhula mawu aamuna. Anafufuza paliponse, anawerenga ndi kabuku kake komwe. Mtundu umenewo uli ndi mawu amodzi okha, ndipo ndi omwewo aamunawo. Anachotsa batire, n'kumuuza kuti akakataye kutali. Koma Amakina anakana. Anati zonse awalanda, ako kokha awasiyire.

Kali m'dilowa mpaka lero, pansi pa mayunifolomu a ana, kopanda batire. Namwinoyo akuti tsiku limene sali kuntchito, ikamakwana fili koloko, amazimitsa wailesi n'kuima pakhomo la chipindacho. Wamva katatu tsopano, mawu otsika, oleza mtima, ochokera m'dilowa.

"Bwererani mukapeza mpata."

Bambo ake amangokhala pa kabedi ka mdzukulu wawo, manja pamawondo, kuyang'ana khoma. Koma masiku ano, akuti, amakhala atavala nsapato, zingwe zomanga kale.