Kakompyuta Kanaima pa Tsiku la Alamu

Madzulo amenewo ndinafika kwa achemwali nditatopa, mutu ukuwawa. Ndimagwira ntchito pa shopu yosindikiza mapepala, ndiye kwathu amaganiza kuti chilichonse chokhala ndi waya, dokotala wake ndine. Ndisanavule n'komwe nsapato, anandikokera kukachipinda ka kuseri.

"Babu lazima. Mazira akuzizira," anatero.

Makina ofungatira mazirawo anapanga ndi malemu alamu anga, amuna awo, pogwiritsa ntchito filiji yakutha. M'kati mwake anaikamo kakompyuta kaphanthiphanthi, kokwana pachikhatho, kopanda ndi chivundikiro chomwe. Kankayeza kutentha n'kumayatsa kapena kuzimitsa babu. Ine ndinkakatcha kabisiketi, iwo n'kumandiyankha kuti kabisiketiko kandiposa nzeru.

Chimwalirire alamuwo, achemwali sankafuna chilichonse, ngakhale kupesa tsitsi. Mazira amenewa ndiwo anayamba kuwadzutsa m'mawa, ndipo anali atatsala pang'ono kuswa. Ndinkaopa kuti akafa, achemwali abwereranso kukadzitsekera kuchipinda.

Vuto ndinalipeza msanga. Kakhadi kosungira zinthu m'kakompyutako kanali katawonongeka. Mwamwayi, m'dirowa munali kena kamene alamu anayamba kukonza koma sanamalize. Pulogalamu imene analemba inalimo, koma mapulogalamu oiyendetsera ndi owerengera kutentha munalibe. Ndinayenera kuwakoka pa intaneti n'kuwaika ndekha.

Mazira tinawafunditsa bulangeti, tikumaika mabotolo a madzi otentha m'mbali. Achemwali ndinawauza akagone. Ndinalumikiza sikirini ndi kiyibodi, n'kutsegula intaneti ya pafoni yanga.

Ndinalemba lamulo loyamba. Kakompyutako kanakana.

Ndinabwereza. Kanakananso, mizere ya Chingerezi ili ndandanda pasikirini. Ndinasintha waya, ndinasuntha foni, ndinakazimitsa n'kukayatsanso. Mpaka ndinakatukwana. Nyumba zoyandikana nazo zinazimitsa magetsi imodziimodzi. Ndikagwira mabotolo aja, anali akunka nazizira.

Kenako ndinamva fungo la mtovu wowotcherera mawaya. Chowotchera chake chinali pakhoma, chozizira, chitachita fumbi.

Go, go-go.

Kunali pawindo. Sichinali chala ayi. Chinali chigwiriro cha sikuludiraiva. Alamu ndi mmene ankagogodera akaiwala makiyi.

Ndinacheuka. Kuseri kwa katani kunaoneka chithunzithunzi cha munthu wamtali, phewa limodzi lotsika. Sankasuntha.

"Ndani?" Mawu anga anatuluka ngati a mwana.

"Mlamu, mumathamanga kwambiri. Werengani mzere woyamba."

Mawuwo anali otsika, ngati munthu akulankhula kuti asadzutse ogona. Ndinkafuna kukuwa koma ndinangobweza maso pasikirini. Mzere woyamba unkanena kuti mapulogalamuwo sangaikidwe chifukwa ndi a m'tsogolo, nthawi yake sinakwane.

Apa m'pamene ndinakumbukira. Timakompyuta totere tilibe batire la wotchi. Ukakazimitsa, kamadzuka kakuganiza kuti likadali tsiku lomwe kanagona. Tsikulo kamalisunga m'kakhadi, ndipo kakhadi aka anakagwiritsa ntchito komaliza ndi alamu. Kamayenera kudzikonza kokha kakalowa pa intaneti, koma usiku umenewo sikanatero. Ndinakafunsa deti.

Kanandionetsa madzulo omaliza amene alamu anali moyo.

"Ndi iwowo eti?"

Ndinadzidzimuka. Achemwali anali pakhomo la kachipindako, osavala nsapato. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana pawindo, ndipo nkhope yawo inalibe mantha ngakhale pang'ono.

"Achemwali, kakompyutaka kakuganiza kuti likadali tsiku lija. Tikapanda kukauza deti la lero, babu siliyaka."

"Nanga ukakauza?"

Ndinayang'ana pawindo. Tonse tinkadziwa kuti tsikulo likasintha, alamu apita.

Anayenda pang'onopang'ono mpaka pawindo. Anaika dzanja pa katani koma sanaitsegule. Chithunzithunzi chija chinaweramitsa mutu. Achemwali anaima choncho kwa nthawi. Ndinawamvera chisoni moti ndikanatha kuwasiya mazirawo afe, bola iwo aime pamenepo mpaka kuche.

"Bambo a kunyumba," anatero motsitsa, "mwadya kumeneko?"

Kunja kunamveka kagogodo kamodzi, kofewa.

Achemwali anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. Anapisa dzanja pansi pa bulangeti n'kugwira dzira limodzi.

"Lazizira. Suntha, ndilembe ndekha. Undiuze poti ndidine."

Anthu inu, munthu amene foni yake yomwe ndimamuikira ndine nambala, anakhala pampando wa alamu. Ndinkatchula chilembo, iwo n'kumachisaka ndi chala chimodzi. Chaka. Mwezi. Tsiku. Atafika pa batani lomaliza anapuma kaye, kenako anadina.

Mizere inayamba kuthamanga pasikirini. Mapulogalamu analowa limodzi pambuyo pa linzake, popanda kukana. Nditayendetsa pulogalamu ya alamu, m'filijimo munamveka kuti thee, babu n'kuyaka.

Titacheuka, pa katani panalibe kanthu. Fungo lija linali litatha.

Kutacha, mayi eni nyumba anandiimitsa pampopi. Anandinong'oneza kuti usiku anaona mwamuna wovala ovololo ataima pawindo lathu, ndipo agalu awo, omwe amauwa ndi mphepo yomwe, anangogona. Mlonda wa pagolosale akuti anamuona akutsika ndi msewu, akuyenda mopepukidwa ngati munthu woweruka kuntchito. Ena ankati inali mbava. Mayi eni nyumbawo anangoti munthu akasiya ntchito pakati sagona tulo.

Mazira ena anafa, sindinama. Koma patangopita masiku ochepa achemwali anandiimbira foni m'mamawa. Ndinangomva kulira kwa anapiye ambirimbiri, kenako kuseka kwawo, kumene ndinali nditakuiwala.

"Ukaweruka udutse kuno," anatero. "Ndagula mazira ena. Ndipo undiphunzitse zonse zija, kuyambira poyambirira. Sindikufuna kuti munthu azivutikanso kuchoka kutali chifukwa cha ine."