Dzina Lomwe Wyson Anafufuta

Chaka chimenecho mvula inafulumira, makuponi a feteleza n'kuchedwa. Wyson, kalaliki wa pa kaofesi ka zaulimi kufupi ndi Santhe, anali ndi mayina a alimi a midzi khumi ndi iwiri m'kompyuta imodzi yokalamba. Kukacha ankayenera kuwasindikiza n'kukawawerenga pamaso pa anthu. Koma kompyutayo inkayenda ngati ng'ombe yodwala.

Madzulo anaimbira foni Yobu, mnzake wokonza makina kuboma.

"Vuto ndi pejifayilo," anatero Yobu. "Ndi kankhokwe komwe makina amaponyamo zomwe zasefukira m'mutu mwake. Kakoko kamwazikana ngati fodya wogwa m'chigafa. Yatsa pulogalamu ndinakuikira ija, itolere zidutswazo. Koma ikayamba usazimitse, aise. Ungataye zonse."

Wyson anayatsa. Sikirini inachita buluu, manambala n'kuyamba kukwawa.

A Mphepo, mlonda wa pamalopo, anasuzumira. "Bwana, ndikaonekere kaye kumaliro, ndibwera."

Mwachizolowezi, mkuluyo anakhomera kunja chitseko chazitsulo, kiyi n'kuponya m'thumba. Wyson anadzazindikira njinga itapita kale. Munthu wa sukulu yake, kutsekeredwa ngati mbuzi! Anadziseka yekha. Nthawi imeneyo n'kuti akadatha kuseka.

Manambala atafika makumi anayi pa zana, pakhonde panamveka mapazi. Opanda nsapato. Kumbuyo kwake kunkakhwekhwereza thumba lopanda kanthu.

"A Mphepo?"

Zii.

Anabwerera pampando. Pakati pa manambala panatulukira zilembo. FAI. Patapita kanthawi, NALA. Zidutswazo zinasendererana mpaka kugundana.

Wyson anagwidwa ndi mantha enieni, chifukwa dzinalo ankalidziwa. Chaka chathacho anafufuta Fainala Chisale, mayi wamasiye, n'kuikapo Frazer, mlamu wa iye mwini Wyson. Chinali chinthu cha chala chimodzi basi. Chimanga cha mayiyo chinachita chikasu chisanafike m'chiuno, ndipo mu Febuluwale anamuika m'manda.

"Odi, a kalaliki."

Mawuwo anali aulemu, a munthu wotopa.

"Ndabwera kudzamva dzina langa."

"Mayi," anatero Wyson, "mayina ndi mawa."

"Ndidikira. Chaka chatha ndinadikira mpaka dzuwa kulowa."

Anathamangira kuchitseko chakumbuyo, koma chinali chokhomedwa ndi misomali kuyambira kalekale. Mawindo onse anali azitsulo. Foni inali itathima. Anagwada pansi pa desiki n'kugwira chingwe chamagetsi. Kungokoka, zonsezi zikanatha. Koma zikanathera limodzi ndi midzi khumi ndi iwiri, anthu oti anakonza kale mizere, maso ali kumsewu.

"Musazimitse," anatero mawu aja, tsopano pawindo penipeni. "Ena akubwera."

Wyson sanafunse kuti ena ati. Mtima wake unkadziwa kuti Fainala sanali yekha amene anafufutidwa. Nambala ikasuntha, pakhonde pankawonjezekera mapazi. Sankalankhula. Ankangokhala pansi, mmodzi kumbuyo kwa mnzake, monga amakhalira anthu ozolowera kudikira. Wyson analira ngati mwana, chingwe chili m'manja, osachikoka, osachisiya.

A Mphepo atabwera mbandakucha, anapeza khonde lili mbee, kompyuta ikuyenda ngati yatsopano.

Anthu anasonkhana pabwalo la ofesi. Wyson ankawerenga, aliyense n'kumabwera kudzalandira kuponi yake. Pa tsamba lachitatu anaima. Anayesa kulumpha mzerewo, koma pakamwa panamukanira.

"Fainala Chisale."

Amayi a m'mudzi mwa Fainala anagwira pakamwa. Ndiye kumbuyo kwa gulu kunamveka mawu otopa.

"Ndilipo."

Mpaka lero anthu a kumeneko amatsutsana monong'ona. Ena amati anali mng'ono wake wa malemuyo, ena amati mng'onoyo tsikulo anali ku Nkhamenya. Wyson sangawathandize, poti sanadzutse mutu. Anangotambasula dzanja, maso ali pansi, ndipo kuponiyo wina anailandira ndi manja awiri.