Phazi Limodzi Pansi

"Nambala sikisi, khadi lachiwiri!"

Mawu a wolengeza anamveka pabwalo lonse la sukulu ku Katete, ndipo Doreen Banda anawamva bwino lomwe. Nambala sikisi anali iye. Khadi lofiira lachitatu likangobwera ndiye kuti watuluka mumpikisano, ulendo wa ku Chipata wathera pomwepo. Pa atsikana khumi ochokera m'sukulu za ku Katete, Sinda ndi Vubwi, awiri okha ndiwo anayenera kupita kumasewera a chigawo chonse. Doreen anali patsogolo pa onse, koma kunatsala kuzungulira bwalo katatu.

Unali mpikisano woyenda mofulumira, ndipo malamulo ake anali awiri basi. Phazi limodzi lizikhala pansi nthawi zonse, ndipo mwendo wotsogola uziponda bondo lili lowongoka. Aphunzitsi ake, a Zulu, anamuphunzitsa zimenezi kwa miyezi inayi. Anamuuza kuti popita kusukulu kuchokera kwawo ku Mkaika aziimba chamumtima nyimbo ya kutchalitchi imene ankaikonda, mapazi azitsata nyimboyo osaipitirira.

Lero nyimbo yomweyo ndiyo inamuika m'mavuto. Amayi ake, a Annie, anafika pabwalopo pochokera kumsonkhano wa Chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, ali ndi anzawo asanu ndi atatu, onse m'mabulauzi oyera. Ankadziwa nyimbo ya mwana wawo chifukwa ankamumva akuiimba posesa. Anaiyambitsa bwinobwino, koma ataona Doreen akutsogola, chimwemwe chinawakwera. Manja anayamba kuwomba mothamanga ngati pa tsiku la masika, nthungululu zili wiriwiri, ndipo mapazi a Doreen anatsata nyimbo monga anazolowera.

"Thamanga, mwana wanga! Thamanga!" anafuula a Annie.

"Amama, musatero!" anakuwa Doreen podutsa, koma mawu ake anamira m'phokoso.

Anyamata a mpira amene anakhala pansi pa mtengo wa mango ankangofa nazo kuseka.

"Masewera anji amenewa, imwe? Abakha akupita kudambo!"

"Ziunozo muzithyola! Mukachedwa kwerani njinga!"

"Ngati kuyenda ndi sipoti, ambuya anga ndi champiyoni. Amapita kuchigayo daily!"

Doreen anakukuta mano. Ntchafu zinali kuyaka moto, thukuta likulowa m'maso. Akanakonda mmodzi wa osekawo atayesa kuzungulira bwalolo kamodzi kokha osapinda bondo.

Atakhota chakumpoto anaona chimene ankachiopa. Amayi ake anali atalowa m'bwalo, akulunjika kwa a Mwale, jaji wamkulu. Bamboyu anali ndi kaweruzidwe kakekake. Ankagona chafufumimba pa thumba la feteleza, tsaya lili pafupi ndi dothi, kuti aone bwino mapazi a ana. Doreen poyandikira anamva zonse.

"Abambo, mwana wanga wakulakwirani chiyani? Mpikisano si kufulumira kodi?"

"Mayi, mwanayu akuuluka."

"Akuuluka ali ndi mapiko? Ine ndikuona akuyenda!"

"Mukuonera m'mwamba. Tsikani kuno muone nokha akabweranso."

Doreen anadutsa ndi manyazi, osamva yankho. Wolengeza anati kwatsala kawiri. Kumbuyo kwake ankamva kupuma kwa Gertrude wa ku Sinda, mtsikana wamtali woyenda mosalala ngati madzi a mumfuleni. Nyimbo inali ikuthamangabe. Anayesa kudziletsa, koma manja a amayi aja akawomba, miyendo yake inkayankha yokha.

Atazungulira n'kubwereranso, anadabwa. Amayi ake anali atagwada pafumbi pambali pa a Mwale, zigongono pansi, bulauzi yoyera ija itada. Poyamba anaganiza kuti akumupempherera. Koma maso awo anali otsegula, akuyang'anitsitsa mapazi ake. Doreen anadutsa, ndipo kumbuyo kwake kunamveka mawu amene ankawadziwa kuposa ena onse padziko.

"Doreen! Ndaona ndekha, kuwala kukudutsa pansi pa mapazi ako onse awiri! Ponda pansi, mwana wanga!"

A Annie anadzuka n'kuthamangira kwa anzawo, manja ali m'mwamba. "Lekani! Amayi, lekani! Tikumuphetsa ndife!" Nyimbo inaduka pakati. Kenako iwo okha anaiyambanso, modekha, ngati mmene mpingo umaimbira mbusa akamalowa. Anzawo analandira. Kuwomba kulikonse kunagwera pamalo pake, ndipo Doreen anamva chidendene chake chikugunda dothi, bondo likuwongoka, phazi linalo likunyamuka pa nthawi yake.

Koma kuyenda koona kunali ndi mtengo wake. Gertrude anamupitirira ngati waima. Belu la ulendo womaliza litalira, Joyce wa ku Vubwi, kamtsikana kakafupi kopanda nsapato, anali atamupeza phewa ndi phewa.

Bwalo lonse linaimirira. Amayi ogulitsa vitumbuwa anasiya mabeseni awo. Ngakhale anyamata a mpira aja anaiwala kuseka, anathamangira kuchingwe akukuwa. Gertrude anali atapita kale. Malo otsala anali amodzi, atsikana awiri.

"Katete! Katete!"

"Vubwi, usagonje!"

Anakhota komaliza ali limodzi. Doreen anaponya manja mwamphamvu, chifuwa chikuwawa. "Ambuye, ndigwireni mapazi," anapemphera. Mzere wa phulusa unali patsogolo, mtunda woti munthu akhoza kuponyapo mwala. Apo khamu lonse, ana ndi akulu omwe, linagwirizana pa liwu limodzi.

"Thamanga! Thamanga! Thamanga!"

Thupi lonse la Doreen linafuna kumvera. Kudumpha katatu kokha, basi, Chipata ndi yake. Koma pansi pa phokosolo ankamvabe manja a amayi asanu ndi anayi aja akuwomba osafulumira, ndipo anawakakamira. Joyce anapirira masitepe angapo, kenako mawondo ake anapinda. Anathamanga, nadutsa mzere ali patsogolo.

Doreen anafika wachitatu. Anagwira mawondo, misozi ikusakanikirana ndi thukuta. Miyezi inayi ya m'mawa wozizira inali itapita. A Zulu anafika akupuma mwawefuwefu, namugwira paphewa.

"Usalire msanga, iwe. Tayang'ana uko."

A Mwale anali atadzuka pa thumba lawo. Anadzisansa fumbi, nayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panaima Joyce, n'kukweza khadi lofiira. Ena a ku Vubwi anayamba kung'ung'udza, koma aphunzitsi awo anawaletsa ndi dzanja. "Tonse taona," anatero. "Wothamanga poyera chonchi kumapeto amatuluka nthawi yomweyo."

"Woyamba, Gertrude Tembo wa ku Sinda!" analengeza wachimkuzamawu. "Wachiwiri, Doreen Banda wa ku Katete!"

Kunali chipwirikiti. Amayi a Chigwirizano anamuzinga Doreen, wina akumupukuta nkhope ndi chitenje, wina akuvina ndi nsapato m'manja. Mnyamata wina wa mpira anayesa kuyenda mmene ankayendera atsikanawo, koma asanapite patali anagwira ntchafu n'kukhala pansi. "Iyayi, guys, ichi n'chowawa!" anatero, anzake n'kumuwowoza.

Doreen anafunafuna amayi ake pagululo, koma sanawaone. Anawapeza kuseri kwa tebulo la majaji, atakhala pansi pambali pa Joyce, amene anabisa nkhope m'mawondo akusisima. A Annie anali atamutsegulira botolo la thobwa limene anabweretsera mwana wawo.

"Imwa, mwanawe," ankatero a Annie. "Wayenda bwino ulendo wonse, ine ndakuona. Amene takulakwitsa ndife akuluakulu okuwa. Inenso liwu lomwelo ndinali nalo pakamwa, mpaka ndinatsala pang'ono kumugwetsa wangayu. Mulungu atikhululukire."

Joyce anakweza mutu. "Kwathu akandiseka. Amanena kale kuti si masewera enieni."

Doreen anakhala pansi mbali inayo. Anamuuza zoona. "Unandithetsa mpweya, mwana iwe. Ukanapirira pang'ono, sindikudziwa kuti zikanatha bwanji."

"Ukunena zoona?"

"Funsa miyendo yangayi. Ikunjenjemerabe."

Joyce anaseka misozi ili m'masaya, namwa thobwa, n'kupatsira Doreen botololo.

A Zulu anabwera ndi pepala m'manja. "Mayi Banda, sainani apa kuti mwalola mwana apite ku Chipata Lachisanu likubwerali."

A Annie anapukuta manja pa chitenje, nalemba dzina lawo mosamala, chilembo chimodzichimodzi. Atabweza cholembera anayang'ana aphunzitsiwo m'maso.

"Aphunzitsi, mu minibasimo mundisungireko malo. Anthu a ku Chipata nawonso akakuwa zomwezi. Pafunika wina wokawomba m'manja bwino."