Mkanjo wa Ulusi Wabuluu

Maski a Mayi Darlene Kowalchuk, matabwa aja otsetserekera pa chipale chofewa, anabedwa Lachinayi masana, eni ake ali m'mwamba kudya maperogi, tizitumbuwa toika mbatata m'kati.

M'mawa wonse anali akutsetsereka pa phiri la Tamsin ndi amuna awo, a Merv. Itangopitirira 12 koloko anafika pakhomo pa Silver Marten, nyumba ya alendo imene ankatengako chipinda chaka ndi chaka mu February. Ubwino wa nyumbayo unali womwewo: ukachoka pa chipale chofewa walowa m'nyumba, maski n'kungowaimika pa mpanda wachitsulo pafupi ndi dziwe la madzi otentha. Anawaimika, n'kukwera kukadya. Potsika, 1 koloko isanakwane, malo awo pampandapo anali pululu.

"Merv," anatero Mayi Darlene chapansipansi. "Palibe."

"Palibe chiyaninso? Magalasi anu ali pamphumi pomwepo, mayi."

"Maski."

A Merv anayang'ana. Kuseka kunatha.

Maskiwo sanali a m'sitolo. Amene anawapanga anali a Emil, mlongo wawo wa Mayi Darlene, kuchokera ku mtengo umodzi umene anadula okha. Anasema matabwa anayi, awiri a mlongo wawo, awiri a mlamu wawo, onse ofanana maonekedwe, ofiirira ngati uchi. Inali ntchito yawo yomaliza. Asanamwalire mu October ananena mawu amodzi okha: "Usakawapachike pakhoma, Darlene. Thabwa likapachikidwa ndiye kuti lafa. Ukalowe nawo mpikisano wa nkhalamba uja."

Mpikisano wa nkhalambawo unali Loweruka, 10 koloko m'mawa. Kunatsala masiku awiri.

Koma a Merv anali ndi chizolowezi cha anthu akale a m'mapiri. Poimika maski ankawasakaniza: thabwa lawo limodzi ndi la akazi awo limodzi kuno, otsalawo uko kumapeto kwa mpanda. Ankati wakuba akaona matabwa osiyana amangodutsa. Mayi Darlene anali atawaseka zaka makumi anayi, makamaka chaka chino pamene matabwa onse anayi ankaoneka ofanana.

Anathamangira kumapeto kwa mpanda. Matabwa awiri anali chiimire. Lina linali ndi ka D kowotchedwa kumchira, lina ka M. La M linali lalitali kuposa linzake ndi zala zinayi.

Konstabo Navdeep Brar wa polisi ya m'tauni ya Tamsin anafika 2 koloko itadutsa pang'ono. Anali mtsikana wamtali, wosachedwa kulemba. Anayamba ndi kamera ya pakhomo, koma diso lake linali litamatidwa ndi chipale. Chimene chinkaoneka ndi zithunzithunzi za anthu ovala mikanjo yoyera ya kudziwe, akulowa ndi kutuluka.

"Nyumba yonse ino ndi mikanjo yoyera yokhayokha," anatero Konstabo. "Ndisakunamizeni, amayi. Nyengo ino maski atayika ambiri. Pofika madzulo amakhala ali pa intaneti, m'tauni ina."

Mayi Darlene sankakonda kulankhula pamaso pa anthu. Zaka makumi atatu anali telala, ntchito yoweramira pansi, ndipo anazolowera kuona zambiri n'kunena zochepa. Anayang'ana magolovesi awo.

"Sangagulitse," anatero.

"Mwati bwanji?"

"Watenga nsapato yakumanja ya munthu wina ndi yakumanzere ya wina. Akakafika kwawo akaona. Ndiye abweranso kudzafuna otsalawa."

A Merv anawomba m'manja kamodzi. "Mwamva, a Konstabo? Zaka makumi anayi akundinena kuti mutu wanga sukoka. Lembani pamenepo kuti lero avomera."

"Sindinavomere kanthu ine."

Konstabo anamwetulira, n'kulemba nambala yake pakapepala. "Mukaona chachilendo, imbani. Koma osagwira munthu nokha, makamaka inu bambo."

Lachisanu m'mawa kunja kunazizira madigiri khumi ndi asanu pansi pa ziro. Popeza analibe chotsetserekera, awiriwo anakalowa m'dziwe la madzi otentha. Nthunzi inkakwera tolotolo. Nsidze za a Merv zinauma n'kuyera, koma pakamwa sipanaume. Anali atafotokozera nkhaniyo aliyense wa m'dziwemo, ndipo pofika 10 koloko akuba aja anali atakwana atatu, wina wa mpeni.

"Ndamva za maski anu, madala," anatero wina kumbali. "Anthu alibe chisoni masiku ano."

Anali Brody, mwamuna wa zaka ngati makumi atatu, wa mano oyera ndi ulemu wochuluka. Kuyambira Lolemba ankaoneka paliponse, akutsegulira anthu zitseko ndi kufunsa za nyengo. Ankati amakhala m'chipinda cha pamwamba penipeni. Tsopano anali atakhala pampando pafupi ndi dziwe, atadzikulunga mumkanjo wake.

"Iwe mphwanga, usanene," anatero a Merv. "Ndikanawapeza ine, bwenzi pano tikukamba za maliro."

"Ndiye otsalawo mwawasunga pabwino?"

"Ali kunsi kwa bedi. Wowafuna ayambe wadutsa pa ine."

Mayi Darlene anali m'dziwemo, madzi akuwalekeza m'chibwano. Maso awo sanali pankhope ya Brody. Anali pachifuwa pake. Mkanjo uliwonse wa Silver Marten unali ndi kanyama kopetedwa pamenepo. Chaka chino nyumbayo inagula mikanjo yatsopano, kanyamako n'kukhala ka ulusi wobiriwira. Ka Brody kanali ka ulusi wabuluu, ngati ka mikanjo yakale imene nyumbayo inasiya. M'khosi mwake munkasuzumira juzi. M'masilipasi ake munali masokosi ochindikala. Munthuyu sanavalire madzi. Anavalira panja.

Mayi Darlene anatembenukira kwa amuna awo.

"Ayi, Merv, ine ndaganiza," anatero mokweza kuposa masiku onse. "Awiri otsalawa tiwapachike pakhoma. Ndaimbira bambo wa sitolo ya zokongoletsa m'nyumba uja. Akuti tiwasiye pampanda paja isanakwane 1 koloko, adzawatenga yekha."

A Merv anatembenuka. "Pakhoma? Koma Emil anati..."

Pansi pa madzi, zala za telala zinawatsina pantchafu. A Merv anayang'ana nkhope ya akazi awo. Zaka makumi anayi si masewera.

"Eya," anatero pang'onopang'ono. "Khoma lathu lija lilidi pululu."

Brody anapukusa mutu mwachisoni, anawafunira tsiku labwino, n'kunyamuka.

Atafika kuchipinda, Mayi Darlene anaimba foni tsitsi likudontha.

"Ulusi, amayi?" anafunsa Konstabo Brar. "Ndimange munthu chifukwa cha ulusi?"

"Osamumanga ayi. Mungofunsa kuofesi ngati m'buku mwawo muli Brody."

Patapita mphindi khumi foni inalira. M'buku la alendo munalibe Brody. M'chipinda cha pamwamba penipeni munkakhala madokotala awiri a mano ochokera ku Calgary, onse a dazi.

"Ndikubwera," anatero Konstabo. "Koma mudziwe chinthu chimodzi. Ndikamugwira pampanda, tipeza matabwa awiri okha amene muli nawo kale. Tiyenera kumusiya anyamule, atitsogolere kumene kuli enawo. Akatipulumuka, mwataya onse anayi."

Mayi Darlene anayang'ana matabwa awiri aja ali pabedi. Anasisita ka D ndi chala.

"Bwerani," anatero.

Kutatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti ikwane 1 koloko, pampando wogonera pafupi ndi khomo la kudziwe panali mayi wina wa mkanjo woyera, thaulo kumutu, thaulo lina kumapazi. Kunsi kwa thaulo lakumapazi kunali majombo a polisi.

"Mwatchena, a Konstabo," ananong'ona a Merv podutsa. "Tikubweretsereni nkhaka zoika m'maso?"

"Pitirirani, bambo. Musandiwonongere ntchito."

Mayi Darlene anaimika okha matabwa awiriwo pampanda. Anayenera kukadikira kuchipinda, koma miyendo inakana. Anatsika masitepe akumbuyo ndi amuna awo, n'kukabisala kuseri kwa galimoto yokankha chipale pamalo oimika magalimoto. Kuchokera pamenepo chitseko chakumbali chinkaoneka bwino.

Anadikira. Mphepo inkaluma makutu. Mphuno ya a Merv inayamba kulira ngati ketulo.

"Pumirani pakamwa."

"Ndikupumira pakamwa."

Itangokwana 1 koloko chitseko chinatseguka. Brody anatulukira, matabwa a uchi ali paphewa, akuyenda mosatekeseka ngati mwini wake. Palibe amene amafunsa munthu wa mkanjo woyera. Kumbuyo kwake kunkabwera mayi wa thaulo kumutu, kapu ya tiyi ili m'manja, mkanjo ukukwekwereza pansi. Brody anaima, n'kumugwirira chitseko.

"Dutsani, achemwali."

"Zikomo, achimwene. Ulemu wotere ukusowa masiku ano."

Brody analunjika pa vani yoyera imene inaima pakona. Anayang'ana uku ndi uku. Mayi uja anali ataweramira galimoto ina ngati akufunafuna makiyi. Brody anatsegula kumbuyo kwa vani. M'katimo maski anali atasanjikizana ngati nkhuni. Anasolola awiri ofiirira, anawagoneka pansi pamodzi ndi atsopanowo, n'kuyamba kuwayerekeza. D ndi D. M ndi M. Anamwetulira.

"Mwandithandiza kuwasanja," anatero mayi uja, akuvula thaulo. Mkanjo unagwa pansi, yunifomu n'kuonekera. "Polisi. Manja pagalimoto."

Brody sanadikire. Analiyatsa liwiro. Koma masilipasi a kudziwe sanapangidwire madzi oundana. Phazi loyamba linagwira, lachiwiri linakayika, lachitatu linapita kumwamba. Anagwa chagada n'kutsetsereka ndi msana, mkanjo uli yalu, mpaka anakaima pamapazi pa a Merv.

A Merv anamuyang'ana kuchokera pamwamba.

"Kutsetsereka umatha ndithu, mphwanga. Maski umawaberanji?"

Unyolo unalira m'manja mwa Brody mphindi zisanu ndi imodzi itadutsa 1 koloko. Dzina lake lenileni linali Trent Vasko. M'vanimo munapezeka maski a anthu makumi awiri ndi atatu, ena obedwa kumapiri ena. Mkanjowo anauba pa Silver Marten pomwepo zaka ziwiri zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo unkamutsegulira zitseko zonse.

Akumulowetsa m'galimoto ya polisi, anacheukira a Merv. "Munandidziwa bwanji, madala?"

"Ine? Ine ndimakuona ngati mwana wabwino. Funsa bwana wanga apa."

Mayi Darlene anachita manyazi. Analoza pachifuwa pake, osamuyang'ana m'maso.

"Chaka chino n'kobiriwira," anatero.

Kenako anawerama kuti atole maski awo. Dzanja la Konstabo Brar linawatsogolera.

"Pepani, amayi. Amenewa tsopano ndi umboni. Lamulo likuti umboni uzikhala pamaso pa apolisi mpaka mlandu utatha."

"Mpaka liti?"

"Mwina April."

Mayi Darlene anawongoka pang'onopang'ono. Anangoyang'ana phiri, kumene anthu anali atayamba kale kuzika timbendera tofiira ta mpikisano.

Konstabo anapitiriza kulemba m'kabuku kake. Analemba nthawi yaitali.

"Mpikisano uja mwati ndi nthawi yanji?" anafunsa, osadzutsa mutu.

"Teni koloko."

"Mawa sindili pa ntchito. Koma maso angawa ndi a polisi tsiku lililonse."

Mu April khoti linalamula Trent Vasko kukakhala kundende miyezi khumi, koma zimenezo zinali zam'tsogolo. Loweruka m'mawa kunacha bwino, thambo lili mbee. Pansi pa phiri, pamzere womalizira, panaima mtsikana wamtali wa jekete yofiira, khofi kudzanja lina, maso ali pa umboni. Umboniwo unatsika phiri la Tamsin mokhotakhota pakati pa timbendera, ukunyezimira ngati uchi padzuwa, utanyamula telala wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi amene anali kuseka yekha m'kati mwa chipewa.

Pa nkhalamba zisanu ndi ziwiri, Mayi Darlene anakhala achisanu. A Merv anakuwa ngati akazi awo atenga chikho.

"Umboni wafika bwino?" anafunsa Konstabo.

"Wafika," anatero Mayi Darlene, akupuma mwawefuwefu. Anapukuta m'maso ndi golovesi. "Akanakhalapo Emil akanati ndinakhota mochedwa pa kambendera kachitatu."

Konstabo anagwedeza mutu. "Ndidzawatenga 4 koloko. Muyambe mwadya."

Pakhomo pa Silver Marten, Mayi Darlene anavula maski awo n'kutenganso a amuna awo. Anaimika la D limodzi ndi la M limodzi kuno. Otsalawo anawanyamula okha mpaka kumapeto kwa mpanda.

A Merv anatsegula pakamwa.

"Mukangonena kanthu," anatero Mayi Darlene, osacheuka, "maperogi otsala aja ndidya ndekha."