Kapu ya Woyeza Madzi

Woyeza madzi uja anali ndi mphamvu zotseketsa mgodi wonse ndi siginecha yake yokha, koma nsapato anali nazo zimodzi, zong'ambika kumene. Anzake ankamutchula kuti a Botolo, chifukwa ankayenda wapansi ndi chikwama cha mabotolo, kutunga madzi okayeza m'mijigo ya pafupi ndi damu la zinyalala za mgodi. Magalimoto a mabwana akamuwaza fumbi, nsanje inkamudya mumtima.

Mwezi wina makina anaonetsa zimene azimayi ankadandaula kalekale: damu linkadontha pansi pa nthaka, ndipo poizoni anali atalowa m'mijigo isanu. Bwana wa mgodi anamuitanira pambali n'kumuuza kuti akalemba kuti madzi ali bwino, umphawi autsanzike. Koma anthu akumeneko sankapusitsidwa ndi pepala. Woyeza akati madzi ndi abwino, ankamupatsa kapu kuti amwe iwo akuona.

Choncho a Botolo anapita kwa sing'anga wina amene ankakhala kuseri kwa malo ogulitsira zitsulo zakale.

"Mukufuna kumwa imfa koma osafa," anatero sing'angayo. "Zimatheka. Koma poizoni satayika, bambo. Amangosamuka."

"Asamukira kwa ndani?"

"Kwa wokupatsani madzi ndi dzanja lake m'nyumba mwanu. Ludzu lanu lizidzatha ndi madzi a dzanja limenelo basi. Ndipo tsiku limene mudzadzitungire nokha madzi akumwa, zonse zimene munamwa zidzakupezani nthawi imodzi."

A Botolo anaganizira amayi awo ndi mkazi wawo, koma sanaganize nthawi yaitali. "Pang'onopang'ono sangamve," anatero, n'kutulutsa lilime kuti awatemere mphini.

Kuyambira pamenepo ankaima pamjigo, kugugudiza kapu ya madzi onunkha dzimbiri, n'kupukuta pakamwa akumwetulira. Anthu anakhulupirira, ndipo bwana uja anasunga lonjezo lake. Galimoto inabwera, nyumba ya mipopi isanu ndi umodzi inamangidwa. Akafika kunyumba ankangodziponya pampando n'kunena kuti, "Amayi, timadzi." Mayiwo ankanyadira kuti mwana wawo, ngakhale walemera, amafunabe madzi a m'manja mwawo.

Pasanathe chaka, m'manja mwa mayiwo munatuluka zilonda zakuda, miyendo n'kutupa. Anamwalira asanapondeko ku mgodi ngakhale kamodzi. A Botolo anagula bokosi lodula, analira mokweza kuposa aliyense, ndipo pobwera kumanda anati kwa mkazi wawo, "Timadzi."

Mkaziyo sanali wogona. Mchemwali wake ankakhala pafupi ndi damu lija, ndipo zilonda zotere anali ataziona pa ana akumeneko. Patapita miyezi itatu, ataona kadontho kakuda pachikhatho chake, anaika kapu yopanda kanthu patebulo.

"Abambo, mpopi uli apo. Bwanji simutunga nokha?"

"Ndatopa. Tandipatsa."

"Amayi anu anawapha ndani? Ndiuzeni ndikupatseni."

Ludzu ndi loipa. Pofika tsiku lachiwiri a Botolo anaulula zonse, akuganiza kuti mkazi awamvera chisoni.

"Ndikugulira mankhwala, ndikupititsa kuchipatala chabwino," anachonderera. "Kapu imodzi yokha."

"Ngakhale dontho," anayankha mkaziyo. "Munauza anthu kuti madziwo ndi abwino. Ngati ndi abwino, mukuopa chiyani? Ine si damu lanu lotayiramo zinyalala."

Anatenga mabotolo asanu m'chikwama chija, anakatunga yekha m'mijigo yonse isanu, n'kukawatula ku likulu la oyeza madzi. Atamuuza kuti abwere mawa, anakhala pansi pakhomo n'kunena kuti sachoka mpaka ayeze iye akuona. Anayeza. Sabata isanathe, mijigo inamangidwa maunyolo, mgodi unatsekedwa, ndipo galimoto za madzi abwino zinayamba kufika.

Nkhani inawanda. A Botolo anaitana achibale, anaitana aneba, analonjeza galimoto kwa aliyense wolowa m'nyumbamo n'kuwapatsa kapu imodzi. Palibe anaponda pakhomo. A Botolo anamwa madzi a m'sitolo ndi a m'nyumba za eni, koma kukhosi kunali gwa ngati sanamwe kanthu. Atathamangira kwa sing'anga, sing'angayo anangowaseka. "Dzanja limodzi latsala, bambo. Lanu."

Masana a tsiku lachisanu la ludzulo, aneba anamva mpopi ukutuluka madzi osaleka. Atalowa anapeza a Botolo ali kwala pansi m'khitchini, thupi lonse zilonda zakuda, kapu ili m'manja. Anali atamwa theka lokha.

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chuma cha mankhwala sichibwera chaulere: amayamba kulipira ndi amene amakukonda, ndipo tsiku limene iwo adzakane, udzalipira wekha.